Sajeni Akwera Wilibala

LOLEMBA

M'mawa. Chisanu cholowa m'mafupa. Sajeni wadzuka akutsimphinabe. Mwendo wakumbuyo, wakumanzere. Akafuna kuimirira amayamba waganiza kaye, ngati ine. Galu wosakwana ndi chaka chomwe!

Ndikulemba izi kuti mutu usabalalike. M'kalasi sindinapondemo ine. Zilembo ndinazitola ku Joni, m'komponi, kwa mnzanga wa ku Nsipe amene ankalemba ndi khala pakhoma. Zikapendekeka zapendekekera mwini wake. Wina wowerenga palibe.

Nkhani ili apa. Sajeni anabwera naye ndi Esinati, mwana wanga wa ku Lilongwe, amayi ake atatisiya. Akuti ndisamakhale ndekha pakhomo. Ndinakana. Galu wachizungu ndimutani ine, mutu ngati dzungu, mapazi ngati a mwana wa ng'ombe? Anangomusiya n'kumapita. Lero ndiye amene ndimacheza naye. Zimenezi sindinauze munthu.

Tsono wadwala, ndipo madokotala ndi awiri.

Woyamba a Chimbalanga, alangizi a ziweto a kudipi. Munthu amene ankandibayira ng'ombe nthawi imene ndinali nazo. Anabwera sabata yatha, anamugwiragwira. Akuti:
- mafupa ali ndi njala
- adye kwambiri: bonya, mkaka, mafupa osinja
- m'mawa uliwonse azikwera phiri, dzuwa lizimuwomba
- "Mukamumangirira, madala, miyendo iuma. Sadzadzukanso."

Ndinauza Esinati pafoni. Iye akuti mutu umodzi susenza denga, n'kunditumizira wachiwiri: mayi Sakala, dokotala wa ziweto wa ku boma. Wachitsikana, wa magalasi. Anamugoneka Sajeni chagada, kumupinda mwendo, galu mpaka kulira. Akuti:
- nyonga, polumikizira mwendo ndi chiuno, sinakhale bwino m'malo mwake, anabadwa nazo
- wanenepa, chakudya chichepe
- asathamange, asakwere phiri, amangidwe
- piritsi limodzi patsiku, osaphatikiza ndi mankhwala ena alionse
- "Mukamuyendetsa, agogo, nyongayi idyeka. Sadzadzukanso."

Onse akumalizira mawu amodzi. Ndikamanga, sadzadzukanso. Ndikamasula, sadzadzukanso. Chingwe chili m'manja.

Masana. Esinati waimbanso. Akubwera Lamulungu. Akamupeza akutsimphina amutenga, akamujambulitse mafupa ku Lilongwe. Mayi Sakala ananenanso zomwezo, za kujambula. Ndiye panali mawu ena amene anawanena chapansipansi, nkhope ili kumbali: zikavutitsitsa, agalu otere amawagoneka ndi jekeseni, osadzadzukanso. Ankayesa sindimva. Makutu anga ndi abwinobwino.

Ku Lilongwe ayi. Amayi ake a Esinati anakwera galimoto yomweyo akuyenda ndi miyendo yawo, akundikumbutsa kutsekera nkhuku. Akuti akungokajambulidwa. Anabwera m'bokosi.

Madzulo. Ndakhala pansi pa mtengo wa pichesi, ndaganiza. Ine ndine nkhoswe. Mabanja amene ndalunzanitsa kuno ku Biriwiri, funsani aliyense. Anthu othyolana mano, lero akudyera mbale imodzi. Mwamuna ndi mkazi akasemphana mawu suthamangira kuloza wolakwa. Umalemekeza onse, kenako umawakhazika pansi. Nanga a Chimbalanga si mwamuna? Mayi Sakala si mkazi? Imeneyi ndi ntchito yanga.

Dongosolo:
1. Mpaka Loweruka ndimvera onse awiri.
2. Loweruka ndiwaitana pakhomo pano, wina osadziwa kuti mnzake akubwera. Timatero.
3. Agwirizane, atulutse mawu amodzi ndi mankhwala amodzi.
4. Lamulungu Esinati apeze galu akudumpha. Abwerere yekha.

Kumvera onse awiri, nditani? Ndapeza. Ndikupita kwa alamu anga a Zuze kukabwereka wilibala.

LACHIWIRI

M'mawa. Wilibala ya a Zuze imalira ngati nkhumba yogwidwa m'munda. Ndathira mafuta ophikira. Ikulirabe, koma mwaulemu. Ndayala chiguduli m'kati.

Kumukweza Sajeni! Thumba la feteleza lili bwino, silinyambita kumaso.

Taonani nzeru tsopano:
- galu akukwera phiri, a Chimbalanga akondwe
- phazi silikuponda pansi, mayi Sakala akondwe
- dzuwa likumuwomba
- chingwe chili m'khosi, mbali inayo ndamanga ku chogwirira cha wilibala, ndiye kuti ndi womangidwa

Angandiimbe mlandu ndani? Anthu a masatifiketi awiri zimenezi sanaziganize.

Njira yathu ndi yomwe amadutsa amayi opita kudimba kukathirira kabichi. Apatuka, atula makheni pansi, agwada pang'ono. "Mwadzuka bwanji agogo? Nanga abwanawo adzuka bwanji?" Ndayankha kuti tonse tadzuka. Asekera m'zitenje. Aseke. Mmodzi mwa iwo banja lake ndinalitola ine m'matope.

A Zuze aima pachulu, manja m'thumba. "Alamu, mlongo wanga simunamukwezepo wilibala ngakhale tsiku la ukwati." Ndangokankhabe. Mpweya unali wochepa.

Tafika pakati pa phiri, pamwala waukulu. Sajeni wakhala mwachifumu, makutu akuuluka, akuwuwa mbuzi za eni ake. Iye zamukomera. Ine bondo langa lakumanja, lija linandibweza ku mgodi, layamba kulankhula.

Masana. Chakudya. Ndadzaza mbale thoo, mkute, bonya, mkaka pamwamba. Amenewo ndi a Chimbalanga. Ndamuonetsa. Ndiye ndachotsa theka. Amenewo ndi mayi Sakala. Wadya, wanyambita mbale, wandiyang'ana ngati ndaba za mwana wamasiye.

Theka linalo ndamupatsa madzulo. Kutaya chakudya ndi tchimo. Kaya pamenepa ndamvera yani.

Ndaimba mafoni. A Chimbalanga ndawauza kuti Loweruka adzaone mbuzi imene ikutsokomola, nkhuku idzakhalapo. Avomera asanamve za mbuziyo. Mayi Sakala ndawauza adzaonenso galu. Akuti tsiku lomwelo ali ndi nkhumba za munthu wina chakuno, adzapatuka. Afunsa ngati ali womangidwa. Ndati eya, womangidwa. Sindinaname.

Afunsanso za mapiritsi. Ndati netiweki ikuvuta.

Zoona zake sindinayambe kumupatsa. Ali pazenera. Tinthu toyera, tating'ono, topanda fungo. Mankhwala opanda fungo ndimawaopa. Munthu amene wakamba kale za kugoneka galu, ndingadziwe bwanji kuti sanayambire pomwepa?

Akutsimphinabe. Koma ndi tsiku loyamba.

LACHITATU

M'mawa. Ndagona nayo nkhani ya mapiritsi. Ndinalonjeza kumvera onse awiri, ndipo mawu anga sabwerera. Komanso sindingapatse wapakhomo panga chinthu chimene sindikuchidziwa.

Mwambo ulipo. Mwini mowa ndiye amayamba kumwa, alendo aone kuti mulibe kanthu. Ndatenga limodzi, ndameza ndi madzi a m'chikho. Ndakhala pakhonde kudikira. Ndavala jekete labwino, kuti zikachitika andipeze ndili munthu.

Sindinafe.

Ndamupatsa Sajeni lake m'kati mwa mkute. Wameza osafunsa.

Ndiye chodabwitsa. Bondo lakhala chete! Zaka zonsezi likundilalatira, lero zii. Ndapinda, ndatambasula, ndaponda pansi mwamphamvu ngati pa ngoma. Palibe. Mwana wa magalasi uja si wamasewera. Loweruka ndisamuchititse manyazi kwambiri.

Masana. Ndilembe zimene zachitika.

Popeza bondo linali lachinyamata, sindinaime pamwala wadzulo. Ndati lero a Chimbalanga alandire ulemu wawo wonse. Ndakankha mpaka pamwamba penipeni, pamene umaona msewu waukulu m'munsi, malole ngati nyerere, ndi minda ya mbatatesi ya ku Mozambiki tsidya linalo. Ndinkaimba. Ine, kuimba!

Nkhwali yabuka m'udzu, pafupi ndi tayala.

Sajeni sanaganize kaye. Wadumpha. Chingwe chili ku wilibala. Wilibala yamutsatira, ine ndatsatira wilibala. Tonse atatu pansi. Ine ndagwera bondo lomwelo pamwala. Sindinamve kanthu, piritsi linali pantchito.

Koma kulira kwa galuyo. Sindinamvepo. Kulira kopyapyala, ngati si kwa chinthu chachikulu choncho. Waimirira ndi miyendo itatu, wachinayi uli lende. Wabwera kudzabisa mutu m'khwapa mwanga.

Ndamukwezanso, kaya mphamvu zinachokera kuti. Kutsika ndi kovuta kuposa kukwera. Wilibala ikufuna kukafika yokha. Amayi a kudimba lero sanaseke, angotipatukira.

Madzulo. Wagona pansi pa pichesi. Mwendo sakufuna ndiukhudze. Ndikumufunsa kuti pakupweteka ndi pati, akungophethira.

Walakwa ndani?
- a Chimbalanga, ndiwo anati phiri
- mayi Sakala, ndiwo anati chingwe
- a Zuze, wilibala yawo ndi yopepuka kutsogolo
- nkhwali

Ndayang'ana bwinobwino. Dzina langa silikupezekapo.

Lamulungu likuyandikira ngati mvula ya kuphiri.

LACHINAYI

M'mawa. Piritsi lachoka m'thupi, bondo labwera ndi abale ake. Latupa ngati kabichi wa pamsika, thalauza silikudutsa. Ndavala kabudula ngati mwana wa sukulu, ine amene sukulu sindinaione. Ndikuyendera mpini wa khasu.

Kuphiri lero kulibe ulendo. A Chimbalanga andikhululukire. Sajeni ali pachingwe pansi pa pichesi. Phazi lija akungoligunditsa pansi n'kulikwezanso. Piritsi wameza. Bonya wanunkhiza, watembenuka. Sajeni kukana bonya!

A Zuze abwera kudzaona ngati wilibala ili moyo. Aona bondo, aona galu. Nawonso ndi dokotala tsopano. Akuti galuyu waponda zoipa panjira, amutemere mphini m'chiuno, akudziwa munthu tsidya la msewu. Ndati madokotala awiri andikwana. Akuti, "Mapanga awiri avumbwitsa, alamu." Ndati nanga inu mukundikumbira lachitatu chifukwa chiyani? Apita ndi chikho changa cha thobwa m'mimba.

Masana. Njinga yamoto panjira. A Chimbalanga! Lero si Loweruka! Bondo ndalifunditsa chiguduli msangamsanga.

Akuti amva ku msewu kuti madala ena atsegula basi ya agalu, ndiye ati adzaone okha. Akulankhula akuseka. Kenako aona chingwe. Kuseka kwatha. Afunsa amene wamanga galu wawo. Ndati akungopumako. Maso awo apita pazenera. Kapepala ka mapiritsi kali pomwepo, dzina la mayi Sakala pamwamba.

Avula chipewa cha njinga, achiyang'ana m'kati.

"Ndiye mwapeza ena, madala? Ife a matope kumapazi tatha ntchito."

Ndinafuna pansi pang'ambike. Munthu ameneyu anagonapo m'khola mwanga, mvula ikugwa, ng'ombe yanga ikulephera kubereka. Ndayamba kufotokoza kuti ndi nzeru za Esinati. Iwo atsegula kale chikwama. Botolo, singano, mankhwala achikasu. Akuti aonetsa kuti nawonso anaphunzira.

M'mutu mwanga mawu a mayi Sakala akulira ngati belu: osaphatikiza ndi mankhwala ena alionse. Piritsi lili kale m'mimba. Pakamwa panga patseguka. Koma munthu amene wamukhumudwitsa kale pakhomo pako, umamugwira dzanja bwanji? Umati chiyani, kuti mwana wa magalasi waletsa?

Abaya. Sajeni wangoti kwii.

Anyamuka osamwa ngakhale madzi. Za Loweruka akuti aona.

Madzulo. Ndakhala pansi pambali pake, mwendo wanga uli tambalale. Ndikuyang'ana nthiti ngati zikukwera ndi kutsika. Zikukwera. Zikutsika. Akatseka maso ndikumuitana. Akatsegula ndikumuuza agone.

M'mimba mwakemo a Chimbalanga ndi mayi Sakala akumana popanda nkhoswe. Kaya akumenyana bwanji.

Maso anga angopita okha kuseri kwa khola lakale, pamene dothi ndi lofewa. Ndawabweza. Ndi bondo limeneli sindingakumbe n'komwe.

Lero agona m'nyumba. Amayi ake a Esinati sakanalola. Andikhululukire, akudziwa mmene mukukhalira muno.

LACHISANU

M'mawa. Ali moyo! Wandidzutsa ndi lilime. Watuluka ndi miyendo itatu, wadya udzu, wasanza pakhomo penipeni. Kusanza ndi bwino kapena ndi chiyambi cha mapeto? Ng'ombe ndimazidziwa. Agalu athu akale ankadwala okha, kuchira okha, kufa okha kutchire, osavutitsa munthu. Uyu akundiyang'ana kuti ndichitepo kanthu.

Piritsi lalero ndaligwira, ndalibweza. Ndaligwiranso. Ndalibweza.

Ndiyenera kufunsa. Koma kufunsa kuli ndi njira zake.

Ndaimbira mayi Sakala. Ndati ndili ndi mnzanga wina kuno, munthu wosamva, galu wake wamwa piritsi ngati lathuli ndiye wina wamubayanso jekeseni. Mnzangayo akuopa. Ndimuuze chiyani?

Akuti, "Agogo, galu wa anzanuwo dzina lake ndi Sajeni?"

Ndati mayina amafanana.

Afunsa jekeseni wanji. Ndati wachikasu. Afunsa wabaya ndani. Ndati nkhoswe siulula mayina. Akuti, "Kumeneko wobaya ndi mmodzi. Dikirani ndiwaimbire a Chimbalanga."

Ndiwaimbire! Ali ndi nambala yawo!

Ndakhala ndi foni m'manja ngati dzira lotentha. Ndikuona kale: akutukwanizana, aliyense akulumbira kuti kwa mdala ameneyo sapondakonso. Galu atsala wopanda dokotala ndi mmodzi yemwe. Esinati angofika n'kunyamula.

Yalira. Mayi Sakala, mawu ali ofewa. Akuti jekeseniyo ndi wa mavitamini chabe, salimbana ndi piritsi, galu safa nazo. Ndimupatse madzi, piritsi alidye ndi chakudya, ndisamukwezenso chinthu chilichonse chokhala ndi tayala. Za tayala awauza ndani? Ndiye akuti a Chimbalanga ndi amene anawaphunzitsa kugwetsa ng'ombe kudipi, ali pa maphunziro. Amawatcha amalume.

"Mawa tibwera limodzi, agogo. Akuti kuli nkhuku."

Ndayika foni pansi.

Safa. Zimenezo ndathokoza, ndavula ndi chipewa chomwe.

Koma taonani zinazi. Anthu a mlandu akumana panjira, apatsana moni, akubwera atagwirana manja. Nkhoswe ntchito yake ndi chiyani pamenepa? Ndipo akagwirizana ine kulibe, agwirizana zotani? Ine ndimafuna agwirizane mawu amene ndiwaike m'kamwa ine: kuti achilira pakhomo pano.

Masana. Sindigonja. Mlandu ndi mlandu. Zokonzekera:
- tambala wofiira (a Zuze agwire, ine sindingathamange)
- mipando iwiri, yotalikirana, wanga pakati
- thobwa
- mawu otsegulira, aja ndimayamba nawo kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto
- mbuzi yotsokomola, poti ndinanena. Palibe imene ikutsokomola.
- thalauza lalikulu la malemu achimwene, bondo libisike

A Zuze ndawalumbiritsa: za kugwa, pakamwa potseka. Za piritsi limene ndinamwa, potseka. Akuti iwo ndi manda. Ndawalonjeza chiwindi.

Madzulo. Wadya pang'ono. Phazi likupondako, koma akayenda chiuno chikugwedezeka ngati ngolo yomasuka tayala. Kwatsala mawa lokha.

LOWERUKA

M'mawa. Ndasesa pabwalo ndili chokhala. Ndameta. Jekete, thalauza la achimwene, lamba ndaboola bowo lina. Ndakhala pampando wapakati alendo asanafike, kuti asandione ndikuyenda.

Sajeni ndamunong'oneza kuti lero aponde bwino. Wayasamula.

Masana. Afika pa njinga imodzi. A Chimbalanga kutsogolo, mayi Sakala kumbuyo atagwira chikwama cha amalume awo, akuseka nkhani imene ayambira kutali. Mipando yanga yotalikirana aikoka, aiika pamodzi pamthunzi. Ine ndatsala pakati pa palibe.

Ndatsokomola. Ndayamba kuti akuluakulu ndi m'dambo. Ndisanafike pa moto, onse agwada kale pa galu.

Amugoneka. Uyu apinda, uyo agwira. Chizungu chikuuluka. A Chimbalanga akuti mafupa ndi ofewa, awaonapo ambiri otere. Mayi Sakala akuti amve mmene nyonga ikugwedezekera, aike chala apa. Aika chala. Apukusa mutu. Akuti mwina, koma sakhulupirira. Mtima wanga wadumpha: akusiyanabe! Ntchito ilipo!

Ndakweza dzanja. Ndati ana anga, popeza mwasemphana, mverani mkulu. Aliyense asiyeko pang'ono. Galu aziyenda pang'ono, azimangidwa pang'ono, adye pakatikati, achilire pakhomo pano. Vomerezani, tidye nkhuku.

Andimvera mwaulemu mpaka kumapeto. Ndiye a Chimbalanga, amene ndimawadalira, apukuta manja pa thalauza. "Madala, ine ndikuti njala, mwanayu akuti nyonga. Koma tonse maso athu amathera pachikopa. Akajambulidwe. Chithunzi chikatitsutse mmodzi."

Mayi Sakala agwedeza mutu. Agwirana chanza. Pamaso panga!

Ndawagwirizanitsa. Agwirizana zonditengera galu.

Ndafunsa chimene chimandidya. Ndafunsa mokweza, a Zuze ali pomwepo, manyazi ndawasiya. Ndati akapita kumeneko, mukamugoneka?

Mayi Sakala avula magalasi. Akuti mawu aja ananena msanga, apepesa. Galu amene akudya, akupondako, palibe amene angamugoneke. Zikakhala za nyonga pali mankhwala, pali kusamala kadyedwe, mwina opaleshoni. Ndafunsa ngati akulonjeza kuti abwera. Akuti kulonjeza sangalonjeze, koma akanakhala wawo akanamutumiza.

Dokotala amene salonjeza. Kaya ndimukhulupirire kwambiri kapena pang'ono.

Ndiye ndaiwala. Ndaimirira kuti ndikaone nkhuku. Bondo lakana. Ndakhala pansi pa fumbi, phuu, pakati pa alendo. Thalauza la achimwene lakwera lokha.

Madokotala awiri a ziweto ayang'ana bondo langa. Ayang'anana.

Manda aja atseguka. A Zuze, chiwindi chili m'kamwa: za phiri, za nkhwali, za kugubuduka, zonse. "Ndi mankhwala a galu omwe anamwa, atavala jekete." A Chimbalanga atembenukira kukhola, mapewa akugwedezeka. Mayi Sakala sanaseke. Akuti ndisadzayerekezenso, ena amapha munthu. Mapiritsi awawerenga, awapereka kwa a Zuze kuti azisunga ndiwo. Kwa a Zuze!

Pa bondo langanso asiyana. Uyu akuti madzi, uyo akuti mwina fupa lang'aluka. Onse akuti si ntchito yawo, ine si mbuzi. Onse akuti likajambulidwe.

Ndati bondo ili lakana madokotala a ku Joni, silingamvere a nkhumba.

Adya nkhuku yonse. Mbuzi yotsokomola palibe waifunsa. Pochoka ndaona mayi Sakala akuimba foni kuseri kwa nkhokwe. Ndamva mawu amodzi okha: "Esinati."

Madzulo. Ine ndi Sajeni pakhonde. Miyendo isanu ndi umodzi, yabwino inayi. Ndamuuza kuti ndayesetsa. Waika chibwano pa bondo labwinolo.

LAMULUNGU

Kutchalitchi sindinapite. Belu ndalimvera pakhonde.

Esinati wafika dzuwa lisanatenthe. Galimoto waisiya kumsewu, kuno siikwera. Wagwada, wapereka moni. Wayang'ana galu. Wayang'ana bondo. Nkhope ya amayi ake yeniyeni, ija ankaivala ndikabwera mochedwa ku mowa.

Ndinakonza mawu. Ndati galu uyu sachoka pakhomo pano popanda ine. Ndinayesa ndamutsekera njira.

"Ndi zomwe ndabwerera, ababa. Chikwama chanu chili kuti?"

Ndagwa m'mbuna yokumba ndekha.

Ndamuuza kuti amayi ake anapitanso choncho, kukangojambulidwa. Wandigwira dzanja, chinthu chimene sanachitepo chikulireni. Akuti amayi anapita mochedwa, chifukwa nyumba ino ili ndi anthu okana. Ndayang'ana pichesi.

Ndiye zatha motere:
- a Chimbalanga sanapambane
- mayi Sakala sanapambane
- chithunzi ndicho chikaweruze, chinthu chopanda ndevu
- nkhoswe akukajambulidwa pamodzi ndi galu, kaya nyumba imodzi kaya ziwiri, ndaopa kufunsa

Kukafika kumsewu sindingayende. A Zuze abwera nayo wilibala ija, athira mafuta, ayala chiguduli chomwe chija. Akuti, "Kwerani abwana." Nthawi yake ndi yomwe anthu akutuluka m'tchalitchi. Amayi onse a kudimba adzakhala panjira, atavala zoyera. Sajeni akuti ayenda yekha pambali, pang'onopang'ono, Esinati atamugwira. Ameneyo ndiye wamvera onse awiri.

Ndikuopa. Ndilembe, poti wowerenga palibe. Ndikuopa galimoto, ndikuopa makina, ndikuopa kubwera ndekha, ndikuopa kuti abwere yekha.

Akundiitana panja.

Nkhuku ndauza a Zuze azitsekera. Chingwe cha Sajeni ndachisiya chomanga pa pichesi. A Zuze amafuna akachimangire mbuzi. Ndawauza achisiye pomwepo, chili ndi mwini wake.